Kumanga PC ya magemu ku Mangochi: AM4, AM5, Intel kapena tingopita pa kaunjika?

Mphwanga wina wa ku Mpondasi wandisowetsa mtendere mwezi wonse uno. Achimwene ake ali ku Joni ndipo amulonjeza kuti pobwera Disembala amutengera zida zomangira kompyuta ya magemu, nde iyeyo tsiku ndi tsiku akungonditumizira mavidiyo a pa YouTube, makina owala ngati galimoto ya akwati, ati achimwene tigule izizi. Ndayankha pa WhatsApp mpaka chala kuwawa. Nde ndati bola ndilembe kamodzi, aliyense amene ali ndi funso lomweli adziwerengere yekha.

Choyamba chimene ndinamuuza nchakuti anthu a mmavidiyo aja sakhala ku Mangochi. Chipinda chawo nchozizira, magetsi sawathawa, chida chikafa amangochibweza kusitolo mawa lake kwabwera china. Ifeyo Okutobala akafika masana kumagunda madigiri 35 mosavuta, malata ali pamutu, fumbi likulowera pawindo, magetsi atha kuphethira katatu gemu ya FIFA isanafike hafu taimu, komanso chida chikapsa shopu yoti ukapeze china ili ku Blantyre kapena ku Lilongwe, mwinanso uko kulibe. Iwo aja amangofunsa kuti chothamanga kwambiri nchiti. Ife pa funso limenelo tiziwonjezerapo kuti chimadya mawati angati, chimatentha bwanji, ndipo chikafa ndichipeza kuti.

Tiyambe ndi graphics card, khadi yojambula zithunzi pa sikirini, poti ndi pamene ndalama zambiri zimathera

Ngati kompyutayo nja magemu basi, khadi imeneyi itenge gawo lalikulu la bajeti, ngakhale kuyandikira theka. Ambirife timasewera pa sikirini ya 1080p, nde makhadi oti tiwaganizire si ambiri ayi.

RX 6600 ya AMD inatuluka 2021, ili ndi memory yakeyake ya 8GB ndipo imadya mawati 132. RTX 3060 ya Nvidia nayo nja 2021, ili ndi 12GB koma imadya 170. Awiriwa mphamvu zawo nzoyandikana, 3060 imatsogolako pang'ono basi. Kenako mu 2023 kunabwera RTX 4060, 8GB, mawati 115 okha, ndi RX 7600 yomwe imathamanga pafupifupi chimodzimodzi koma ikudya 165. Intel nawo analowerera Disembala 2024 ndi Arc B580 ya 12GB pa mtengo wa $249, imadya 190. Ndiye pali RTX 5060 ya 2025, 8GB, mawati 145, inayambira pa $299 ngati mmene 4060 inayambira.

Pa onsewa ine mtima wanga uli pa 4060, ndipo chifukwa chake ndi 115 uja. Khadi yodya pang'ono imatentha pang'ono, mafani ake sakuwa ngati chigayo, power supply (kabokosi kogawa magetsi mkati mwa kompyuta) siivutika, ndipo UPS (batire logwirizira kompyuta magetsi akazima) yaing'ono imatha kuinyamula. Anthu a pa intaneti anaitukwana khadi imeneyi itangotuluka chifukwa cha 8GB komanso poti siinaipose 3060 ndi mtunda waukulu, ndipo sanalakwe kwenikweni, koma iwo samawerenga mayunitsi. Ngati 5060 mwaipeza pa mtengo woyandikana ndi 4060 tengani 5060, imathamanga kuposa mnzakeyo moonekeratu ndipo mawati 30 owonjezerawo sangakuliritseni. Ndalama ikachepa, RX 6600 ndi amene ndimawatcha kabaza wa magemu, alibe manyado koma amakufikitsa. EA Sports FC (tonse timangoti FIFA ngakhale dzina linasintha 2023), eFootball, GTA V, Fortnite, Counter-Strike 2, zonsezi amazinyamula bwinobwino pa 1080p.

Nkhani ya 8GB ija nayo tisaibise. Magemu atsopano akuluakulu ayamba kudzadza 8GB ukaika zithunzi pa ultra, nde gemu imayamba kudukiza kapena makoma kuoneka ngati sanamalize kupenta. Mankhwala ake nkutsitsa textures kufika pa medium kapena high, ndipo kunena zoona pa sikirini ya mainchesi 24 diso siligwira kusiyana kwenikweni. Koma ngati achimwene a ku Joni aja zinthu zikuwayendera, RX 9060 XT ya 16GB yomwe inatuluka 2025 pa $349 ndi imene ingakhalitse zaka zambiri osadandaula. Samalani, ilipo ina ya dzina lomweli ya 8GB. Chimodzimodzi 3060, ilipo ya 8GB yomwe njofooka kuposa ya 12GB, wogulitsa sakuuzani, muwerenge nokha pa katoni.

B580 pa pepala njokoma kwambiri, 12GB pa mtengo umenewo. Koma imafuna motherboard (bodi yaikulu yomwe zida zonse zimalumikizidwapo) yoti ili ndi setting yotchedwa Resizable BAR yoyatsidwa, apo ayi imakwawa, imavutikanso ikaphatikizidwa ndi purosesa (ubongo wa kompyuta) yakale, ndipo magemu ena akalekale amaichita matenda a madalaivala, mapulogalamu oyendetsa khadi. Madalaivala amenewo amakonzedwa pafupipafupi, zomwe zikutanthauza kudawuniloda pafupipafupi, bandulo yako. Kwa munthu woyamba kumene kumanga ine sindingamupatse.

Kaphindu kena ka Nvidia komwe kuno nkofunika: anyamata ambiri amene amagula makina awa masana amaedita mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe, usiku ndi pamene amasewera. Pa Premiere ndi DaVinci Resolve khadi ya Nvidia siivuta, ndipo DLSS yawo, njira yothamangitsira gemu zithunzi zikuonekabe bwino, pa 1080p imaoneka bwino kuposa FSR yakale ya AMD yogwira ntchito yomweyo. Ngati kompyuta izikubweretserani ndalama, pamenepo ndatha kale kukuyankhani.

Nanga RX 580 imene yadzadza pa Facebook Marketplace ndi AliExpress ija? Inali shasha nthawi yake, koma nthawi yake inali 2017. Imadya mawati 185, ambiri mwa iwo anagwira ukapolo wokumba crypto usana ndi usiku, ndipo ena olembedwa 2048SP kwenikweni ndi RX 570 yovala malaya a mkulu wake. Kusiyana kwa 185 ndi 115 ndi mawati 70, ukamasewera maola 5 patsiku ndi mayunitsi pafupifupi 10 pamwezi ongotenthetsera chipinda, pamene liwiro lake nlotsalira kutali. Ngati ndalama yafika pamenepo basi, bola GTX 1660 Super ya 6GB yomwe imadya 125, muione ikusewera kaye kwa theka la ola musanapereke ndalama.

Purosesa ndi nyumba yake

Apa ndi pamene mphwanga uja tinakanganirana kwambiri. Purosesa suigula payokha, imakoka motherboard ndi RAM (memory yogwirira ntchito), nde ukusankha banja lonse.

Banja loyamba ndi AM4 ya AMD, soketi (pokhala purosesa pa motherboard) yakale, ma Ryzen oyamba anakhalapo 2017. Mfumu yake kwa ife osauka ndi Ryzen 5 5600, makoo 6, mawati 65, imabwera ndi fani yake mkatoni. Imagwiritsa RAM ya DDR4 yomwe uipeza ngakhale kwa okonza makompyuta wamba, ndipo ma motherboard ake a B450, A520 ndi B550 ali mbwee pa kaunjika. Choipa chake nchakuti msewu unathera pomwepo, kutsogolo kulibe zatsopano zenizeni, pokwera pako ndi 5700X3D kapena 5800X3D ukazipeza. Pa ma motherboard atatu aja tengani B550. B450 yakale ina imafuna kusintha BIOS (pulogalamu ya mkati mwa bodi) kaye kuti izindikire 5600, ndipo kusintha BIOS magetsi nkuzima pakati ndi njira yachidule yosandutsira motherboard kukhala thireyi. Kwathu kuno chimenecho si nthabwala. Ngati mwakakamizika kutero, onetsetsani kuti ili pa UPS, kapena bodiyo ikhale ndi kabatani ka BIOS flashback.

Lachiwiri ndi Intel LGA1700 ndi Core i5-12400F ya 2022, nayo makoo 6, mmagemu imapikisana khosi ndi khosi ndi 5600. Ubwino wake ma motherboard ake alipo a DDR4 alipo a DDR5, koma bodi imodzi imalandira mtundu umodzi wokha, nde musagule RAM musanaone. B660 kapena B760 zili bwino, H610 njotchipa koma yoguluka zinthu zambiri. Nayonso soketi imeneyi inatha. Ndipo mukamva kuti ma Intel a m'badwo wa 13 ndi 14 anali ndi vuto lofooka msanga mu 2024, nzoona, makamaka ma i7 ndi i9 aja, Intel anatulutsa zokonzera kudzera mu BIOS, koma ine i9 ya kaunjika ya mibadwo imeneyo sindingaiyandikire. 12400F vuto limeneli silinaikhudze.

Lachitatu ndi AM5, yomwe inayamba 2022, ndi Ryzen 5 7600. Iyi njothamanga kuposa awiri aja, DDR5 yokhayokha, ndipo AMD analonjeza kuti soketi imeneyi aisunga mpaka 2027 ndi kupitirira, kutanthauza kuti zaka zikubwerazi ungosintha purosesa, bodi nkukhala yomweyo. Ndi banja lomwe kuli 7800X3D ndi 9800X3D amene anthu a mmavidiyo amawapembedza aja. Vuto ndi mtengo wolowera, bodi ya B650 ndi DDR5 pamodzi zimadya ndalama yomwe ikanakukwezera khadi. Komanso ma Ryzen 7000 anapangidwa kuti azilolera kufika madigiri 95, nde ukaona manambala amenewo usathamangire kuthira madzi, koma mchipinda cha malata cha ku Makawa kafani ka mkatoni kaja kadzalira mpaka aneba kufunsa.

Chiweruzo changa: Ryzen 5 7600 yokhala ndi RX 6600 imagonja mmagemu ambiri kwa Ryzen 5 5600 yokhala ndi RTX 5060. Khadi ndi imene imajambula. Nde ngati ndalama njowerengeka, AM4 kapena 12400F, chotsalacho ponyani pa khadi ndi magetsi. AM5 nja munthu amene akudziwa kuti zaka 3 zikubwerazi adzakhalanso ndi ndalama yokwezera, osati wongolota.

Pali kanjira kena komwe ndimakakonda kwa anthu amene ndalama imabwera pang'onopang'ono ngati ya usodzi. Ryzen 5 5600G ili ndi graphics mkati mwake, nde umayamba kusewera eFootball, GTA V ndi tina topepuka pa low usanagule khadi, khadi nkudzabwera ulendo wina. Mtengo wake ngwakuti cache yake (kamemory ka mkati mwa purosesa) ndi 16MB pamene 5600 ili ndi 32MB, komanso imathera pa PCIe 3.0, msewu wakale wopita ku khadi, ndiye ukadzaika khadi umataya kaliwiro pang'ono. Koma taganizani tsiku limene khadi yafa. Wa 5600 kapena 12400F (F ameneyo akutanthauza kuti mulibe graphics) sikirini ili bii, sangalembe ngakhale kalata mpaka wina abwere kuchokera ku Joni. Wa 5600G, wa 12400 yopanda F, kapena wa 7600 yomwe nayo ili ndi kagraphics kakang'ono, amangosamutsa waya nkupitiriza ntchito. Kwa munthu wokhala ku Monkey Bay chimenecho nchachikulu.

RAM ndi SSD sindichedwapo. RAM 16GB, timitengo tiwiri ta 8GB osati kamodzi ka 16, chifukwa tiwiri timayenda dual channel, ndipo pa 5600G kusiyana kwake nkwakukulu zedi. DDR4 ikhale 3200 kapena 3600, DDR5 ikhale 6000. Mukamaliza kumanga lowani mu BIOS muyatse XMP kapena EXPO, apo ayi RAM mwagula yothamanga izingoyenda pang'onopang'ono inu osadziwa. 32GB njabwino kwa oedita mavidiyo, koma mitengo ya RAM inapenga kumapeto kwa 2025 makampani a AI atayamba kuikokera kwawo, nde onani thumba. SSD, posungira magemu ndi mafayilo, ikhale NVMe ya 1TB. Ya Gen 3 imafika cha mma 3500MB pa sekondi, ya Gen 4 cha mma 7000, koma potsegula gemu kusiyana kwake ndi kamphindi koti simungakaone, musalipire zambiri chifukwa cha nambala. 512GB imadzadza msanga, Red Dead Redemption 2 yokha imafuna 150GB. Ndipo hard disk yakale ya 1TB kapena 2TB musaitaye, kuno nchuma, chifukwa gemu ya 100GB kuifufuta kenako nkudzaidawunilodanso ndi bandulo ya TNM kapena Airtel ndi kudzilanga wekha. Steam, sitolo ya magemu a pa PC, imalola kusamutsa gemu kupita pa disiki ina nkudzaibweza. Amene ali ndi Starlink, yomwe inafika mMalawi 2023, asanduka malume a aliyense.

Tsopano pamene anthu amaumira, nkudzalira

Power supply. Mphwanga uja pa list yake anaika mafani 6 a magetsi amitundumitundu koma power supply analemba kuti iliyonse. Ndinangoti mphwanga khala pansi.

Ine ndinaphunzira ndi thumba langa. Kompyuta yanga yoyamba ndinagula kesi yobwera kale ndi power supply mkati, yopepuka ngati chitini chopanda kanthu, pamwamba atalemba 500W. Inagwira miyezi ingapo. Tsiku lina magetsi anazima nkubwerera mwamphamvu nthawi yomweyo, ndinangomva phuu ndi kafungo ka waya wopsa, inafa ndipo popita inatenga motherboard ndi hard disk kukhala operekeza maliro. Chida chotchipitsitsa mkesi monse chinapha zodula.

Nde gulani ya dzina lodziwika, Corsair, Seasonic, Cooler Master, be quiet!, MSI, DeepCool, ya 80 Plus Bronze kapena Gold, 550W mpaka 650W pa makhadi tatchulawa. 850W simukuifuna. Chizindikiro cha 80 Plus chimangonena za kusawononga magetsi, sichilonjeza kuti mkati muli zida zabwino, nde fufuzani dzina la modeloyo pa intaneti, muonenso zaka za waranti, kampani yopereka zaka 5 kapena kuposa imakhala ikudzidalira. Power supply ya kaunjika ayi. Khadi ya kaunjika, purosesa, RAM, kesi, zonsezo ndingalole, koma iyi yokha ikhale yatsopano.

Madzi amene timawaona akudutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi ndi omwewo amakazunguza makina ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo tonse tikukumbuka mmene zinalili namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, mamegawati pafupifupi 130 kuchoka nthawi imodzi, mdima mpaka chaka chotsatira. Dziko lodalira mtsinje umodzi limatero. Nde UPS muiwerengere ngati chiwalo cha kompyuta, ilowe mu bajeti tsiku loyamba.

Pa UPS pali kamsampha. Nambala yaikulu pa katoni ndi VA osati mawati. Ya 650VA imanyamula mawati cha mma 360 mpaka 390 basi. Makina a 5600 ndi 4060 akamasewera amakoka cha mma 200 mpaka 250, kuphatikiza sikirini, nde 650VA ikwanitsa koma mopumira mmwamba, pamene ndi RX 580 kapena B580 mwayandikira kumphepete. Ya 1000VA kapena 1200VA ndi imene imapatsa mtendere. Ikhale line-interactive yokhala ndi AVR, imene imawongola magetsi akatsika kapena kukwera osadikira kuti azimiretu, chifukwa madzulo anthu onse akayatsa zophikira babu limachita kufiira, ndipo zimenezo ndi zomwe zimadya zida mwakachetechete. Ma power supply amakono ena sagwirizana ndi UPS kapena inveta yotchipa ya modified sine wave, magetsi akazima kompyuta imazima nawo limodzi ngati UPS palibe, nde amene muli pa sola onetsetsani kuti inveta ndi pure sine wave. Ndipo UPS si yoti umalizire ligi, nja mphindi zochepa zoti useve nkuzimitsa bwinobwino. Batire lake la 12V limatopa pakatha zaka 2 kapena 3, kotentha kuno msangako, koma limasinthika, osataya UPS yonse.

Ndalama ya UPS ikasowa, ngakhale ka fridge guard kaja kamene kamadikira kaye magetsi akabwera kasanawalowetse nkabwino kuposa kulumikiza kukhoma mwachindunji. Mvula ya ziphaliwali ikayamba zulani pulagi, palibe ekisitenshoni yomwe ingalimbane ndi mphenzi. Komanso muitane wa magetsi aone ngati nyumba ili ndi earth, nyumba zambiri za lendi waya wachitatu uja ngongokongoletsa, ukagwira kesi imakunyerenyetsa.

Kutentha, fumbi ndi alendo osaitanidwa

Kesi ya galasi kutsogolo ndi mmbali njokongola pa chithunzi, koma kuno ndi uvuni. Tengani ya mesh kutsogolo, mafani awiri kapena atatu olowetsa mpweya, imodzi yotulutsa kumbuyo, ndi tisefa ta fumbi tochotseka. Olowetsa akachuluka kuposa otulutsa fumbi sililowera mmipata. Kompyuta isakhale pansi pa simenti, ikwezeni patebulo, ndipo kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa tsukani tisefa kawiri pamwezi, mkati muzipemerera ndi blower mutagwira mafani kuti asazungulire.

Pa kuziziritsa purosesa, kafani ka mkatoni kamakwana pa 5600 ngati muli ku Namwera kumtunda kozizirako. Kuno ku boma ndi mmbali mwa nyanja onjezerani tower cooler, DeepCool AG400, Cooler Master Hyper 212 kapena ma Thermalright aja, sizidula kwenikweni. Za madzi zija, AIO, ine ayi. Muli pampu, ndipo pampu ikafa mwaima mpaka mupeze ina, pamene tower cooler ndi chitsulo ndi fani basi, fani ikafa umamangirira ina iliyonse ya 120mm nkupitiriza. Pa purosesa ya mawati 65 madzi ndi manyado chabe.

Alendo: nalimata amakonda kufunda kwa power supply, ndinatsegulapo ya mnzanga wina nkumupeza atauma mkati, makina osayaka. Nyerere ndi mphemvu nazo. Musamadyere mandasi pa kiyibodi, ndipo mabowo a kumbuyo kwa kesi amene simukugwiritsa ntchito asiyeni otseka.

Njira ya kaunjika weniweni

Ena anena kuti zonsezi nzambiri, bwanji ndingogula Dell OptiPlex kapena HP yochoka mmaofesi nkuikamo khadi. Imatheka ndipo njotchipa kuposa zonse, koma dziwani malire. Zambiri mwa izo nzopyapyala, zimangolandira khadi ya low profile yosafuna waya wa magetsi, monga GTX 1650 kapena RTX 3050 ya 6GB yomwe imadya mawati 70. Power supply yake njaing'ono ndipo mapulagi ake ngawokhawokha, simungangoisintha ndi ya mshopu. Onaninso m'badwo wa purosesa, Microsoft anasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna Intel wa m'badwo wa 8 kupita mtsogolo ndi kachida ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, nde i5-8500 ili bwino koma ma i5 a m'badwo wa 4 ndi 6 amene adzadza mmashopu aja atsalira. Ya FIFA, GTA V ndi ntchito za kusukulu ikwana. Koma kukwera nayo simukwera, pomwe mwayambira ndi pomwe muthere.

Winanso anandifunsa kuti osangogula PS5 bwanji. Ngati cholinga ndi mpira ndi anzanu pakhonde, kapena kutsegula malo oseweretsa ana, gulani PS5, simudzavutika ndi madalaivala. PC nja munthu wofuna kusewera komanso kugwirirapo ntchito.

Kogula ndi kanyamulidwe

Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 kenako 44 peresenti mu Novembala 2023, forex njosowa, nde sindilemba mitengo ya makwacha pano, pofika mawa ikhala yabodza. Mashopu a ku Blantyre ndi Lilongwe amadulitsa koma uli ndi pokadandaula, ndipo zolemera ngati UPS, kesi ndi sikirini bola kugula konkuno. Zing'onozing'ono zodula, khadi, purosesa, RAM, SSD, ndi zomwe zimapindulitsa kuitanitsa. Mwayi wathu anthu a ku Mangochi ngwakuti pafupifupi banja lililonse lili ndi wina ku Joni, ndipo kumeneko kuli masitolo ngati Wootware, Evetech ndi Takealot. Atumizireni dzina lonse la chida ndi chithunzi, musangoti khadi ya magemu, adzakubweretserani GT 710 ali wosangalala. Lisiti asunge, pa boda a MRA atha kulifuna, komanso waranti ili pamenepo ngakhale kuti kuigwiritsa ntchito nkudikira wina wobwerera.

Ulendo wa basi kudutsa Zimbabwe ndi Tete mpaka Mwanza ngwautali, katundu amaponderezana. Purosesa ya AM4 ili ndi timapini pansi pake, tikapindika ndi misozi, nde isachoke mkapulasitiki kake. Pa AM5 ndi Intel timapini tili mu soketi ya motherboard, kachivindikiro kakuda kaja kasachotsedwe mpaka tsiku lomanga. Ndipo musalole kuti akumangireni konko nkuitumiza yathunthu khadi ili mkati, mabampu a mumsewu amathyola polowera khadi. Chilichonse chiyende mkatoni yake, mchikwama cha mmanja pakati pa zovala. Chingwe cha magetsi chidzabwera ndi pulagi ya ku South Africa ya mano ozungulira, ingosinthani chingwe chonse ndi cha mano atatu athu aja osati kulumikiza maadaputa.

Sikirini musaiwale. Ya mainchesi 24, 1080p, IPS, 144Hz kapena kuposa, yokhala ndi FreeSync. Kugula 4060 nkuilumikiza pa TV yakale ya 60Hz ndi kugula injini ya boti nkumapalasabe ndi nkhafi. Waya ulowe kumbuyo kwa khadi osati kwa motherboard, ndipo mulowe mu settings za Windows musankhe 144 yo nokha, siidzisankha. Za pa intaneti, kompyuta ngakhale ikhale yamphamvu bwanji siichepetsa ping (kuchedwa kwa intaneti), sankhani seva ya Johannesburg mmagemu amene ali nayo ngati Counter-Strike 2 ndi Dota 2, ndipo rauta ikhale pa waya.

Mphwanga uja list yomwe tatumiza kwa achimwene ake ndi iyi: Ryzen 5 5600, bodi ya B550, 16GB DDR4 3200 timitengo tiwiri, NVMe ya 1TB, power supply ya 650W ya dzina, tower cooler, ndi RTX 4060 kapena 5060, iliyonse imene aipeze pa mtengo wabwino tsiku logula. Kesi, UPS ndi sikirini akagula yekha ku Blantyre ndi ndalama yomwe amafuna kuthera pa mafani owala ija. Wakwiya pang'ono kuti mulibe AM5 ndipo mpaka pano akunditumizirabe mavidiyo. Ndamulola fani imodzi yokha ya magetsi, ya kumbuyo.